Tikugwadirani, a Chigubu

Cha m'ma 1620, mnyamata wa ku Spain, Diego Velázquez, anajambula ndi penti wamafuta nkhalamba yogulitsa madzi mumzinda wa Seville. Chovala chong'ambika pamkono, dzanja lili pamtsuko waukulu wochita thukuta, ikupatsira kamnyamata tambula ya madzi, pansi pake pali nkhuyu. Joseph Bonaparte, yemwe ankalamulira Spain, anathawa nacho chithunzicho, asilikali a mkulu wankhondo Wellington n'kuchilanda pankhondo ya ku Vitoria mu 1813. Lero chili ku Apsley House ku London, ndipo anthu amalipira kuti akaone mtsuko. Mtsuko weniweniwu!

Mkulu wojambulayu anafulumira kubadwa. Akanafika kwa Kaduya kuno ku Phalombe, akanaujambula mtsuko pamene inu mulipo, a Chigubu achikasu?

Munabwera mutanyamula mafuta ophikira, koma atatha mafutawo simunapume ntchito. Malita 20, makilogalamu 20 pamutu pa mayi, nkhata yokha ikukupepesani. Mtsuko ukagwa ndi maliro. Inu mukagwa panjinga mumangoti phu, kugubuduka pang'ono, mwiniwake n'kukumanganinso ndi malegeni, ulendo wa ku Migowi n'kupitirira.

Pamjigo ndiye ndinu mfumu. Mumafika mbandakucha, kuima pamzere m'malo mwa mbuye wanu amene wabwerera kukasesa pakhomo, ndipo palibe amene angakudumpheni popanda mlandu wofika kwa anyakwawa. Pamaliro ndinu mpando. Ana akakupezani muli opanda kanthu, ndinu ng'oma. Chivindikiro chinatayika kalekale, mumavala chitsononkho chokulunga m'jumbo, koma ulemu wanu sunachoke. Pobooka amakumatani ndi pulasitiki wosungunula, chipsera n'kukhala nyota.

Alipo amiseche. Akuti madzi anu amamveka mafuta mpaka chaka. Akuti m'mimba mwanu mwamera ndere chifukwa pakamwa panu sipalowa dzanja, ndipo alangizi azaumoyo akamayenda ndi kolorini nthawi ya kolera amakuyang'anani ndi diso lofiira. Nsanje basi. Munthu wamkulu amasambitsidwa ndi aliyense? Inu mumafuna mchenga, timiyala ndi kukhutchumulidwa mwaulemu.

Mafuta a galimoto akasowa mumakwezedwa udindo, mumagona pafilingi siteshoni limodzi ndi mabwana, mpaka bungwe la MERA linachita kulengeza kuti anthu asamagule mafuta m'zigubu. Ndowa, beseni, chikho, mphika, ndani mwa iwowa amene boma linamulemberapo chikalata?