Ngolo Ndili Nayo, Galimoto Ikubwera

Pakati pa nzeru zonse zimene ife amuna a pa Chitakale timadzitamandira nazo, kuyambira kulosera tsiku limene chiperoni chitsike m'phiri kufikira kuzindikira chinanazi chozuna pongochinunkhiza, palibe imene timainyadira koposa luso loyeza tayala ndi phazi. Mwamuna wa kuno, angakhale sadagwirepo chiwongolero chibadwire, akaona tayala amayamba waima kaye, manja ali kumbuyo, nalizungulira mwaulemu, kenaka n'kulimenya theche kawiri, ndipo akamva kulira kwake amagwedeza mutu nanena ndi mawu a woweruza kuti, "Ili likadali ndi moyo." Mu mpingo umenewu wa omenya matheche ine ndine mkulu, ndipo udindowu ndidaulandira popanda chisankho, pa chifukwa chimodzi chokha: ndili ndi ngolo.

Musaganize za ngolo ya ng'ombe ya anzathu a m'chigawo chapakati ayi. Yangayi ndi yachitsulo, ya matayala awiri, yokokedwa ndi galimoto, ndipo pamwamba pake pali chivindikiro chimene mukachitsegula pamatambasuka hema wogonamo anthu. Idabwera kuno ndi alendo a ku Joni amene adadzakwera phiri la Mulanje, ndipo pobwerera kwawo, atatopa nayo m'misewu yathu, adaigulitsa pamtengo wachifundo. Ine nthawi imeneyo n'kuti nditangolandira kangachepe kanga kopumira, nditatha moyo wanga wonse ndikuyeza masamba a tiyi pa sikelo ya eni ake, tsono ndidalingalira mumtima mwanga kuti popeza chaka ndi chaka alendo amakhamukira ku Likhubula, ena kufuna kuponda pa Sapitwa pamene pali mamita 3,002, ena kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba, ena kukaonerera mpikisano wothamanga wa onyamula katundu m'phiri, munthu wokhala ndi ngolo ya mahema sangafe wosauka. Mayi a kunyumba, amene Mulungu adawapatsa mphatso yoona patali koma nawamana mphatso yokhala chete, adandifunsa funso limodzi: "Abambo, nanga chokokera?" Ndidawayankha kuti galimoto ikubwera, ndipo yankho limeneli sindidalisinthe kufikira lero, pakuti munthu wamkulu sasinthasintha mawu.

Chotero ngoloyo idakhala kuseri kwa nyumba zaka zambirimbiri, dzuwa likuiwomba, mvula ya ku Mulanje ikuitsuka, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake, kufikira pamene achinyamata a mpingo wathu adakonza zokagona kuphiri ndi kukapemphera kumeneko. Akuluampingo adakumbuka kuti pakati pawo pali mwini ngolo, alamu anga adavomera kudzaikoka ndi pikapu yawo, ndipo ine, nditaona kuti matayala angophwa pang'ono koma mizere yake ikadali yakuya ngati yatsopano, ndidawagulula ndi kuwakweza pa kabaza kupita nawo kwa mnyamata womata matayala m'mbali mwa msewu, kuti akangowapopa.

Mnyamatayo sadamenye theche. Adagwada, napukuta mbali ya tayala ndi kansanza konyowa, nandiitana: "Madala, tabwerani ndi magalasi anuwo." Adandionetsa timing'alu tosawerengeka tozungulira m'mbali monse, kenaka adaloza chala pa zilembo zitatu za DOT, natsata mzere wa zilembo ndi manambala mpaka kumapeto kwake, pamene padali manambala anayi m'kabokosi: 3709. Adati awiri oyambawo ndi sabata, awiri otsirizawo ndi chaka, kutanthauza kuti tayala langa lidatuluka m'fakitale sabata ya 37 ya chaka cha 2009. Ndidakhala chete ndikuwerengera, ndipo ndidapeza kuti lidaumbidwa patangopita miyezi yochepa malemu Bingu wa Mutharika atapambana chisankho kachiwiri, ndalama yapepala ya K1,000 isanaoneke m'dziko muno. Adawonjezanso kuti kalembedwe ka manambala anayi kadayamba m'chaka cha 2000, kotero kuti mukapeza tayala la manambala atatu okha, limenelo ndi la zaka za m'ma 1900, ndipo liyenera kupatsidwa ulemu wake pobzalamo maluwa.

Ndidamuuza mwanayo, mofatsa monga kholo, kuti tayala limatha ndi kuyenda, ndipo langali silidayende chigulire. Iye adati pamenepo ndiye pagona vuto la ngolo zonse. Mphira amauma ndi dzuwa ndi mpweya, kaya akuyenda kaya ali chiimire, ndipo tayala lokhala malo amodzi nyengo zambiri, litasenza katundu mbali imodzi, limafooka msanga kuposa loyenda tsiku ndi tsiku. Limakalamba lili chikhalire, monga tidakalambira ena a ife pakhonde tikudikira penshoni. Mizere imakhala yakuya ndithu, koma m'kati mphira ndi waya zimakhala zitayamba kulekana, ndipo zimasiyana kwenikweni tsiku limene mwasenzetsa katundu ndi kuthamanga pa phula wotentha. Opanga matayala ngati a Michelin amalangiza kuti tayala likatha zaka zisanu liziyang'anidwa ndi odziwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe, ngakhale likuoneka bwino chotani. Sindidatsutse, koma sindidavomerenso, chifukwa kuvomera msanga pamaso pa mwana kumachepetsa munthu. Ndidangoti ndinali ndi maganizo omwewo.

Tsono ndidapita kwa wogulitsa matayala a kaunjika, aja otsika m'makontena kuchokera ku Japan ndi ku Ulaya, amene amawasanja mulu pamwamba pa mulu atawapaka mankhwala akuda mpaka kunyezimira. Mkuluyo adandilandira ngati nduna, nanditcha abwana katatu m'mpweya umodzi, chinthu chimene sindidachimvepo zaka zonse za pa sikelo, ndipo mtima wanga udamukonda pomwepo. Adagubuduza tayala limodzi lokongola nati, "Abwana, ili ndiye lanu. Taonani chizindikiro ichi: phiri la nsonga zitatu. Adalipangira anthu a kuphiri, a ku Mulanje konkuno." Indedi phiri lidalipo, ndipo m'kati mwake mudali kanthu konga kaduwa, kamene ine ndidakayesa duwa la tiyi. Ndikadapanda kutenga mnyamata uja kuti andinyamulire, bwenzi nditalipira, koma iye adandinong'oneza kuti kaduwako ndi kachipale, kuti tayalalo ndi la m'nyengo yachisanu ya kumaiko kumene madzi amauma m'misewu, ndipo mphira wake wofewa adamukonzera kuzizira kosafika madigiri 7, kotero kuti pa phula wa mu Okutobala amangodyeka msanga. Akulu akale adanena za chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake ndidaziona ndi magalasi anga.

Lina limene wogulitsayo adanditulutsira lidali la mizere yakuya modabwitsa pamtengo wotsika modabwitsanso. Mnyamatayo adalowetsa chala m'mzere nafunafuna timizere topingasa timene opanga amaika pansi pa mizere ikuluikulu, totalika mamilimita 1.6, timene timasonyeza kuti tayala latha tikafanana ndi pamwamba pake. Sadatipeze. Mizereyo idali yochita kusema ndi mpeni wamoto pa tayala lakutha, ndipo pena waya adali kusuzumira. Kusema kotere kumaloledwa pa matayala ena a malole okha, amene adapangidwa ndi mphira wokhuthala ndipo amalembedwa pambali kuti akhoza kusemedwa. Pa tayala la galimoto yaing'ono n'kuchotsa chikopa chotsiriza chimene chidatsala pakati pa inu ndi manda. Wogulitsa uja adasiya kunditcha abwana.

Koma phunziro limene lidandigwira mtima, ine munthu wa sikelo, ndi la kulemera. Pa ngolo yanga pali kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi chokolekera, kamene ndinkakayesa chokongoletsa, ndipo padalembedwa kuti ngoloyo pamodzi ndi katundu wake isapyole makilogalamu 1,200. Tayala lililonse nalo lili ndi nambala yake yosonyeza mtolo umene lingasenze. La galimoto yaing'ono lolembedwa 175/65R14 82T limalowa bwino lomwe pa limu yanga ya mainchesi 14, ndipo apa ndi pamene ambiri amakodwa, pakuti kulowa kwa tayala pa limu sikutanthauza kuti lingathe ntchitoyo. Nambala 82 ndiyo makilogalamu 475, awiri pamodzi 950, pamene achinyamata a mpingo adali atandilembera kale mndandanda wa mahema, matumba awiri a ufa a makilogalamu 50, zigubu khumi za madzi za malita 20, nkhuni, miphika ikuluikulu ya pa maliro, ng'oma ndi zokuzira mawu. Chilembo T ndicho liwiro, makilomita 190 pa ola, limene pikapu ya alamu anga singalifike ngakhale itagwa kuchokera pamwamba pa Chambe, choncho sichidandidetse nkhawa. Loyenera lidali la mtundu wa aja a maminibasi, lolembedwa 185R14C, la nambala 102, limene limasenza makilogalamu 850 lokha, chifukwa chilembo C chimasonyeza tayala la mbali zolimba lopangidwira katundu.

Mnyamatayo adandilangizanso kuti ndigule awiri ofanana mtundu, msinkhu ndi zaka, kuti ngolo isamakokere mbali imodzi kapena kuvina kumbuyo kwa galimoto potsetsereka, ndiponso kuti mpweya ndiziyeza m'mawa tayala lisanatenthe, ndi choyezera osati ndi phazi. Tayala lotere likasenza mtolo wake wonse limafuna mpweya wofika 65, monga palembedwa pambali pake, pamene la galimoto yaing'ono limakhuta ndi 30 kapena kupyola pang'ono. Ndipo lopopedwa mopereweza ndilo limaphulika, chifukwa mbali zake zimapindikapindika poyenda mpaka kutentha. Za tayala lapadera, jeke ndi sipanala yolingana ndi manati a ngolo adazitchula mothamanga, poona nkhope yanga kuti yafika pamapeto pa chuma chake.

Mbuzi ziwiri za mayi a kunyumba zidapita ku msika, ine ndidakwera minibasi ya msewu wa Midima kupita ku Limbe, ndipo m'sitolo ndidagwada pansi pamaso pa anthu ndi kuwerenga manambala anayi a tayala lililonse ndisanatulutse ndalama, pakuti ngakhale losagwirapo ntchito likhoza kukalambira pa shelefu. Kuyambira tsiku limenelo sindingathe kudutsa galimoto yoima osawerama. Ndawerenga matayala pa tchalitchi, pa chigayo, ngakhale pa maliro, pamene ndidauza woyendetsa galimoto yonyamula bokosi zaka za matayala ake, iye nandiyankha kuti wokwera wake sakudandaula.

M'mawa wa ulendo alamu anga adafika ndi pikapu, achinyamata akuimba, katundu atamangidwa, ngolo itaima monyada pa miyendo yake yatsopano. Pamene ankakoleka ngoloyo ine ndidavala magalasi, ndipo mwa chizolowezi chabe ndidagwada pa tayala lawo lakutsogolo. Padalembedwa 4411, ndipo pambali pake padali chotupa chachikulu ndithu. Ndidawafotokozera zonse mwachikondi, pamaso pa abusa ndi achinyamata, kuyambira sabata ndi chaka mpaka kulekana kwa mphira ndi waya, ndipo ndidamaliza ndi kunena kuti ngolo yanga singakokedwe ndi galimoto yotere. Iwo adati, "Alamu, ine ndabwera kudzakuthandizani, sindidabwere kudzayezedwa." Adamasula ngolo, naliza galimoto yawo, nabwerera kwawo.

Achinyamata adapita ku Likhubula pa njinga za kabaza, mahema ali pamsana, ndipo ndamva kuti mapemphero adayenda bwino. Mayi a kunyumba akufunsa za mbuzi zawo m'mawa uliwonse tisanamwe tiyi, mlongo wanga adasiya kuyankha foni, ndipo akuluakulu a banja akonza zoti tikakumane Loweruka kuti atiyanjanitse ndi alamu. Uthenga wawo udabwera ndi pempho limodzi, lakuti ndikapite wapansi ndipo magalasi ndiwasiye kunyumba.