Sitata, mdani wa mwambi wa makolo

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Ankadziwa zimene ankanena, chifukwa denga la nkhokwe limamangidwira pansi, ndipo polikweza pamafunika amuna angapo ndi chipanda cha mowa. Sanalote kuti mu 1912 mkulu wina wa ku America, Charles Kettering, adzaika pa galimoto za Cadillac kachipangizo kotsutsa mwambiwu. Kachipangizoko ndi sitata. Isanabwere, munthu ankapukusa injini ndi chitsulo kutsogolo kwa galimoto, ndipo chitsulocho chikabwerera chinkathyola mkono. Itabwera, aliyense anayamba kudzutsa injini ndi zala ziwiri, osapempha munthu.

Ku America komweko, galimoto zakale zamphamvu monga Ford Mustang, imene inayamba kutuluka mu 1964, zimagona m'nyumba zitafunda nsalu. Sitata ikafa, mwiniwake amaitanitsa ina n'kuswera Loweruka lonse kunsi kwa galimoto, akuti akusangalala. Kwathu ku Kachulu, padoko pamene mabwato a ku chilumba cha Chisi amakocheza, galimoto yokalamba sipatsidwa penshoni. Ndi Hilux kapena Datsun imene inayamba kututa matemba ndi milamba yowamba nyanja ya Chilwa isanaphwe mu 1995. Nyanja inadzaza, inaphwanso mu 2018, galimotoyo ikadali pamsewu wa ku Zomba.

Ndiye m'mawa wina, madengu atapakiridwa, amayi a geni atakhala pamwamba, dalaivala atembenuza kiyi. Galimoto ingoti "tcha!" basi. Pomwepo doko lonse limasanduka amakaniki, kuphatikizapo wogulitsa zitumbuwa amene sanakwerepo ndi njinga yomwe.

Makaniki weniweni safulumira kunamizira sitata. Amayamba wayatsa magetsi akutsogolo, n'kuuza dalaivala atembenuzenso kiyi. Magetsi akafooka, mlandu nthawi zambiri ndi wa batire kapena mateminolo ake, amene amamera ufa woyera uja. Madzi otentha ndi sipanala zimathetsa nkhaniyo, bwana mwini galimoto n'kuchita manyazi kulipira. Amaonanso waya wokhuthala wochoka kubatire kupita kuthupi la galimoto, chifukwa mabampu a msewu wathuwu amamasula chilichonse. Magetsi akakhala owala ndithu koma n'kumamveka "tcha!" yekhayo, ndiye kuti solenoid ya pa sitata ikuyankha koma mota yake yagona, mwina mabulashi a m'kati anatha. Apa mankhwala ake ndi odziwika: kuigogoda sitatayo ndi sipanala. Imadzuka, inde. Koma chinthu chodzuka ndi chikwapu lero, mawa chimafuna zikwapu ziwiri. Ikamalira kuti "gwe-e-e", mano a bendix, kagiya ka sitata, akulephera kugwirana ndi a flywheel ya injini. Palinso akatswiri olumikiza mitu ya solenoid ndi sikuludiraiva. Amene amaiwala kuchotsa giya amakumbukira galimoto ili pachifuwa.

Zonse zikakanika, mwambi uja umabwerera mwaulemu. Madalaivala a ku Zomba m'tauni amaimika pamtsetse, koma kuno kudambo mtsetse mukaupeza kuti? Phiri la Mpyupyu liri apo, koma silisuntha. Bwana amene dzulo anakana kutsitsa mtengo wa matola amayamba kutchula aliyense kuti "achimwene". Giya yachiwiri, kuponda kilatchi, anyamata kumbuyo, amayi atsike kaye. "Tiyeni nayoni! Siyani tsopano, bwana!" Galimoto imatsokomola, utsi n'kupita kumaso kwa amene anaithandiza. Eni ma Sienta ochokera ku Japan asaseke: zambiri ndi za otomatiki, ngakhale mudzi wonse ukankhe sizilira.

Kusintha sitata si ntchito yaikulu. Kuchotsa kaye waya wa negativu kubatire, kumasula mawaya a pa solenoid ndi mabawuti awiri kapena atatu, yatuluka. Chachikulu n'kunyamula yakufayo popita kukagula ina ku Zomba kapena ku Limbe, n'kuwerenga mano ake, popeza wogulitsa adzalumbira kuti "n'chimodzimodzi, bwana" ngakhale itakhala ya thirakitala.

Tsiku lomwe yatsopano yalira, bwana amaiwala maina a achimwene onse. Amadutsa padoko galasi litakwezedwa, fumbi m'mbuyo. Anyamata sadandaula. Akudikira Januwale, pamene makande a m'dambo amagwira matayala mpaka m'mabawuti, sitata ikulira bwinobwino, ndipo mtengo wokankhira amakambirana munthu asanavule nsapato.