Malangizo kwa alandilodi a ku Vubwi: lendi ikachedwa, yambani ndi chitseko

Chiyambire 2012, pamene pulezidenti Michael Sata anadula Vubwi ku Chadiza kuti likhale boma palokha, kuno kwabadwa mtundu watsopano wa anthu olemekezeka, alandilodi. Boma linabwera ndi maofesi, maofesi anabwera ndi antchito, koma nyumba zogonamo antchitowo zinatsalira m'mbuyo. Aliyense amene anagulitsa soya n'kuotcha njerwa anaimika zipinda ziwiri, n'kukhoma malata, basi ulandilodi wayamba. Ntchitoyi ilibe sukulu, n'chifukwa chake malangizo ano akufunika, makamaka pa tsiku lija wa lendi amakupatsani moni wautali kuposa wa masiku onse, kufunsa za ana, za mbuzi, za mwendo wa agogo, kenako n'kumaliza ndi mawu akuti, "Mwezi uno zandithina pang'ono, bambo."

Akatero musafunse chifukwa. Chifukwa chimaziziritsa mkwiyo, ndipo mkwiyo ndi mpamba wa landilodi. Mukafunsa mudzamva zosokoneza mutu. Mphunzitsi adzakuuzani kuti mu 2022 boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 nthawi imodzi, ndipo wolembedwa kumene amatha miyezi akugwira choko dzina lake lisanalowe m'kaundula wa malipiro. Amene analowa kale adzakuonetsani pepala la malipiro pomwe ndalama ya nyumba yalembedwa bwinobwino, koma a ngongole anadulako kale ndalamayo isanafike m'manja, ndipo yotsalayo akuidikira pakhomo ndi a kaloba. Wa kagolosale adzakuuzani kuti makasitomala ake ndi alimi amene anapereka chimanga ku bungwe la boma la FRA pa K340 thumba la makilogalamu 50 mu 2025, n'kuyamba kudikira, pomwe mabala a chilala cha 2024 anali asanapole. Mukatsatira chingwe chimenechi mudzapeza kuti ndalama yanu ili ku Lusaka, ndipo iyenera kudutsa Katete kapena Chipata pa misewu imene inalonjezedwa phula kalekale pansi pa pulogalamu ya Link Zambia 8000. Kumeneko n'kutali. Munthu wanzeru amakalipira amene ali pafupi.

Tsono zulani chitseko. Iyi ndi njira yakalekale, ndipo ubwino wake ndi wakuti chitsekocho ndi chanu, mahinjesi ndi anu, felemu imene idzang'ambike pozula ndi yanunso, kotero palibe mlendo amene angadandaule kuti mwamuwonongera katundu. Wa lendi akapachika chitenje pakhomo n'kupitiriza kugona, kwerani padenga. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, choncho itanani anyamata awiri, muwalipire ndi ndalama yomwe munasungira feteleza, achotse malata. Nthawi yabwino ndi Januwale, mvula ili pachimake. Zoona, makoma adzanyowa, pulasitala adzagwa, malata adzatsala ndi mabowo a misomali amene adzadontha mpaka kale. Koma taganizani mmene wa lendiyo adzaphunzirire! Iye adzayanika matiresi ake tsiku limodzi, inu mudzakonza nyumba chaka chonse, ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti simuseweredwa.

Alipo ena, aja okonda kuwerenga, amene adzakuuzani kuti zimenezi lamulo limaletsa. Akunena zoona. Lamulo la lendi la Zambia, Rent Act ya 1972, silola mwininyumba kutulutsa munthu kapena kumulanda katundu chifukwa cha lendi popanda chilolezo cha khoti, ndipo apolisi adzakuuzani kuti ngongole si mlandu wawo. Koma yankho lake n'losavuta. Lamulolo linalembedwa m'Chingerezi, pamene mkwiyo wanu ndi wa Chichewa, ndiye ziwirizi zingakumane pati? Komanso khoti ndi malo a mafunso osasangalatsa. Adzafuna pepala la mgwirizano, pomwe inu munapangana pansi pa mtengo wa mango. Adzafuna malisiti, pomwe inu mumalemba m'mutu. Mwina wina angafunse ngati a ZRA akudziwa kuti mumalandira lendi, chifukwa ndalama imeneyo ili ndi msonkho wake. Njira ya chitseko imakupulumutsani ku ntchito yokasuma, pakuti amakasuma ndi wa lendi uja. Mudzafikabe kukhoti, koma mwaulemu, mutaitanidwa ndi samani, ndipo munthu amene dzulo anali ndi ngongole yanu lero ndiye wodandaula. Ndi alandilodi angati amene angathe kusandutsa ngongole ya mnzawo kukhala mlandu wawo m'mawa umodzi?

Enanso adzabwera ndi nzeru zozizira. Adzati khalani pansi ndi munthuyo pamaso pa anyakwawa kapena mboni ziwiri, mulembe zomwe zatsala ndi tsiku lolipira, asaine. Adzati landirani pang'onopang'ono, ngakhale theka, ndipo atumize pa foni kudzera pa Airtel Money kapena MTN kuti uthengawo ukhale umboni. Adzati m'dera la alimi ndalama imayenda kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kotero wamalonda muzimudikira mpaka kukolola, kapena mulandire matumba a mtedza m'malo mwa makwacha, ndipo akalephera pa zomwe anasaina mupite kukhoti ndi pepala m'manja, pakuti mlandu suola. Nzeru zimenezi zikaneni. Choipa chake n'chakuti zimangobweretsa ndalama basi. Palibe khamu losonkhana, palibe ana okwera m'mitengo kuti aone bwino, palibe amayi oleka kusinja n'kuthamangira kwanu. Ndalama imatha, koma nkhani ya bambo amene anaponya mapoto a namwino pabwalo idzakambidwa mpaka ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika.

Pali mfundo imodzi imene ndiyenera kuivomereza, kuopa kuti mungati ndakondera. Landilodi wa ku Vubwi si mpondamatiki. Nthawi zambiri ndi mlimi kapena wopuma pantchito amene akudalira lendiyo kuti alipire K400 yake ya feteleza wa FISP, ndipo alipodi a lendi achinyengo amene amagula foni yatsopano ali ndi ngongole ya miyezi inayi. Kodi amenewa sayenera phokoso? Ayenera ndithu, ndipo phokoso limawathandiza kwambiri. Limawadziwitsa tsiku lonyamuka. Vubwi yatsamira Malawi mbali ina, Mozambique mbali ina, ndipo konseko kuli achibale olankhula chilankhulo chomwechi, anthu a Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo. Wachinyengo akamva kuti mawa mukubwera ndi hamala, usiku womwewo amamanga matiresi panjinga, tambala woyamba akamalira ali ku Mchinji kwa amalume ake, kumene samani ya khoti la Zambia ndi pepala loyatsira moto. Amene amatsala kuti mumuchititse manyazi ndi mphunzitsi uja wodikira malipiro, amene sangathawe sukulu yake ndipo akanakulipirani zonse ndalama zake zotsalira zikanangobwera. Choncho njira yathuyi imasefa bwino ngati lichero: wosalipira amapita ndi ndalama, wolipira amapita ndi mkwiyo.

Akachoka onse awiri, bwezerani chitseko, khomani malata, mulembe ndi makala pakhoma kuti nyumba ya lendi. Musade nkhawa kuti Vubwi si Chipata, kuti ofuna nyumba kuno ndi owerengeka ndipo onse amamwera tiyi m'maofesi omwewo, kumene dzina lanu lafika kale inu musanatsike padenga. Alendo adzabwerabe. Mileme imalowa sabata yoyamba, chiswe chimayambira pa felemu yong'ambika ija, ndipo pofika mvula ina mbuzi za aneba zidzakhala zitasankha chipinda chochezera.