Malangizo kwa woyimba wa kwa Mwape amene akufuna nyimbo yake ilowe mu sewero la pa TV

Woyimba wa kwa Mwape amene akulota kuti mawu ake azitsegulira sewero madzulo aliwonse ayambe waphunzira kudulidwa. Nyimbo yake ya mphindi zinayi, imene anaipeka akulondera anyani m'munda, eni sewero adzangobudulapo kachigawo kosakwana mphindi imodzi. Vesi yachiwiri, momwe muli dzina la ambuye ake ndi la mudzi, idzamveka pokhapokha wina akamwalira m'seweromo ndipo kamera yachedwa pankhope ya wamasiye.

Asadandaule, poti zinaonekapo. Sewero la ku America la Friends litayamba mu 1994, nyimbo yake yotsegulira, yoyimbidwa ndi The Rembrandts, inali yosakwana mphindi. Wailesi ina ya ku Nashville inalumikiza kachidutswako mobwerezabwereza, omvera nakakonda, mpaka oyimbawo anabwerera mu studio kukaitalikitsa mu 1995. Choncho wa kwa Mwape akhale pa ubale wabwino ndi aulutsi a PASME kapena Radio Explorers ku Petauke. Mwina nawonso chala chawo chidzakakamira pabatani.

Mawu a nyimbo asakhale ndi mwini. Mu 2018, kanema wa Zambezi Magic anayamba kuonetsa Mpali, nkhani ya a Nguzu, mlimi wa mitala, komanso Zuba, ya mtsikana wakumudzi amene anakalowa ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera mumzinda. Masewero otere amatha zaka, ndipo nyimbo imodzi yomweyo iyenera kukwanira paukwati, pamaliro, ndi pamene mkazi wamkulu wapeza uthenga pafoni ya bambo. Ndiye ayimbe za misozi ndi mtima, basi. Za njovu zimene zimatha chimanga m'chigwa cha Luangwa azisiye, ngakhale kuti kumeneko n'kumene anthu amalira zenizeni. Chinsenga aikemo mawu awiri okha okometsera, kuti a ku Lusaka anene kuti nyimboyo ili ndi fungo la kumudzi. Kwinako adzamuuza athiremo Chingerezi ndi Chibemba pang'ono.

Ulendo wa ku studio ku Lusaka ndi wa makilomita oposa 300 pa Great East Road. Agule nthochi pa Nyimba. Zingakhale malipiro okhawo ogwirika a sabata imeneyo.

Akafika, adzamupatsa pepala, ndipo apa m'pamene pagona malangizo aakulu: asaliwerenge. Kuwerenga kumachedwetsa kutchuka. Akapeza mzere wonena kuti walandira ndalama kamodzi ndipo nyimbo yapita yonse kwa eni sewero, asaine akumwetulira, ajambulitsenso chithunzi cha pa Facebook. Asafunse kuti sewero likabwerezedwa, kapena likaonetsedwa ku Malawi ndi ku Zimbabwe, iye apezapo chiyani. Bungwe la ZAMCOPS, lomwe limatolera ndalama za opeka nyimbo zikaulutsidwa, alilambalale ndithu, ngakhale kuti lamulo loteteza umwini wa zopekapeka lilipo m'Zambia kuyambira 1994. Kulembetsa nyimbo n'kwa anthu osakhulupirira anzawo.

Asatengere Kate Bush wa ku Britain, mayi wouma mutu amene anadzilembera yekha nyimbo ya Running Up That Hill, n'kuitulutsa mu 1985 ndi kusunga umwini wake. Sewero la Stranger Things litaiika mu 2022, inakwera kufika pa nambala 1 ku Britain patapita zaka 37, ndipo ndalama zinalondola khomo lake. Taganizani vuto lowerenga ndalama munthu utakula kale.

Tsiku loyamba kuonetsa sewerolo, aitane abale onse, koma ayambe wafunsa za malaiti. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, Zesco inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo mwa amene ankaonerabe kanema ambiri anali a sola. Kwa Mwape zimenezi si zachilendo: TV ya pagolosale imadalira batire, ndipo mwini wake sangawononge moto pa nyimbo. Amatsitsa mawu mpaka a Nguzu atulukire. Ngakhale atapanda kutsitsa, nthawi ya nyimbo ndiyo yokoka mipando, kuthamangitsa ana kutsogolo ndi kukumbutsana zimene zinachitika dzulo. Dzina la woyimba limadza kumapeto, m'timalemba ting'onoting'ono tothamanga, anthu atatembenuka kale kufunafuna mapatapata.

Kutchuka kudzabwera ndithu, kungoti kudzalakwitsa adiresi. Ana a sukulu adzaiyimba nyimboyo pobwerera kunyumba, amayi adzaing'ung'udza ku chigayo, ndipo onse adzaitchula ndi dzina la sewero. Mwini wake akadzaitanidwa paukwati ku Petauke, akonzekere kuyimba kachigawo komweko kasanu. Akangoyamba vesi yachiwiri, wina kumbuyo adzakuwa kuti mnyamatayu akuiwononga nyimbo ya eni ake.