Galu Wamkota wa ku Najma

Kwathu ku Dedza agogo ankakonda kunena kuti galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndinkayesa mwambi wa alenje okhaokha, mpaka pamene ndinakumana naye galuyo kuno ku Doha, ali phee kunsi kwa tebulo, mchira wake uli m'soketi ya magetsi.

Galuyo ndi kompyuta ya akulu ena a ku Mangochi amene timagona nawo chipinda chimodzi ku Najma. Tonse timangowaitana kuti Madala. Anaigula pa Souq Al Haraj, kaunjika wa mipando, mafiriji ndi makapeti, ndipo anafika nayo itasenzedwa pamutu ngati akuchokera kuchigayo. Ndi chibokosi chachitsulo cha Windows 7, chimene chikamayaka chimabuula ngati lole yokwera Khwekhwerere. Anyamata timachiseka, koma Madala salola. Amati zilembo za pafoni n'zazing'ono ngati nthata. Chifukwa chenicheni timachidziwa: pasiwedi ya imelo yawo anaiiwala kalekale, ndipo amene akuikumbukira pa dziko lonse lapansi ndi chibokosicho.

Kwa miyezi itatu, m'mawa uliwonse, chinkati chikayatsidwa n'kulira pii! pii! kenako n'kulemba chizungu choyera pa sikirini yakuda, chopempha munthu adine F1. Madala ankadina F1 osawerenga, monga momwe bambo amayankhira kuti "ndamva" mayi akayamba nkhani ya fetereza. Galu ankakanda pakhomo, ife n'kumamuponyera chitsononkho.

Tsiku lina Lachinayi imelo inangoti zii. Ndipo ndi sabata imene Madala amadikira tikiti ya ndege yopitira kutchuthi, patatha zaka ziwiri asanaone nyanja ya kwawo. Pulogalamu ikatsegulidwa inkatulutsa kabokosi kodandaula za satifiketi, n'kukana kulandira kalata ngakhale imodzi. (Ndiulule pano, poti Madala sawerenga magazini: usiku wa Lachitatu ndine ndinazula pulagi yake kuti ndisite yunifolomu.)

Lachisanu kuno ndi tsiku lopuma, choncho madokotala anapezeka ambiri. Mnzathu wa ku Kenya anati ndi vairasi. Wa ku Nepal anati tifufute zonse tiyambirenso, Madala n'kudzuka kukaima kutsogolo kwa chibokosi ngati nkhuku yoteteza anapiye. Wa ku Uganda anatsegula chivindikiro n'kupemerera, ndipo fumbi la m'chipululu limene linatulukamo likanakwanira kuumba njerwa ziwiri. Mnyamata wina wa ku Nkhotakota anayang'ana kudenga nati pali achibale ena amene sakufuna kuti Madala afike kumudzi ndi masutikesi.

"Iwe, mfiti ikwera bwanji ndege mpaka kuno yopanda viza?" anatero Madala. Koma ndinawaona akulavulira pambali pang'ono.

Madzulo dzuwa litaleka kuwotcha ngati mbaula, tinachinyamula kupita nacho kwa mmisiri wina wa m'kashopu kopanikizana pakati pa telala ndi wometa. Sanagwire sikuludiraiva. Anayatsa, nawerenga chizungu chija chimene ife tinkachidumpha, kenako analoza pakona ya sikirini, kumunsi cha kumanja. Deti inali 1 Januwale 2008.

Kani galu wathu anali akukhala m'chaka cha 2008. Kwa iye sitima ya Metro, imene inayamba kuyenda mu 2019, kunalibe. Bwalo la ndege la Hamad, lotsegulidwa mu 2014, linali lisanalandire munthu. Qatar inali isanapatsidwe n'komwe mwayi wochititsa World Cup, poti zimenezo zinalengezedwa mu Disembala 2010. Kumudzi Bingu wa Mutharika anali pampando, ndipo ndalama yaikulu m'thumba inali K500. Kunena zoona, ndinachita nako kansanje kachibokosiko.

Mmisiri anatifotokozera m'chizungu cha pamsika chimene tonse timamvana nacho kuno. Pa bolodi yaikulu ya m'kati muli kabatire kozungulira ngati kobiri, dzina lake CR2032, ka mavoti atatu. Ntchito yake n'kuyendetsa wotchi pamene kompyuta yachotsedwa kumagetsi. Kakatha mphamvu, munthu n'kuzula pulagi, wotchi imabwerera ku deti imene anaiikamo kufakitale. Tsono pulogalamu ya imelo isanatenge makalata, seva imayamba yaonetsa satifiketi, chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta imayerekeza masikuwo ndi wotchi yake. Ikaona chiphaso cholembedwa zaka zoposa khumi ndi zisanu kutsogolo, imati ameneyu ndi tambwali, n'kutseka geti.

Apa Madala nkhope inawala. Iwo ndi ine ntchito yathu ndi yaulonda, ndipo tsiku lonse timakhalira kuyang'ana madeti pa ziphaso za QID za anthu olowa pageti. Munthu atabwera ndi chiphaso cha chaka cha 2040, ngakhale atavala suti yotani, sangadutse.

"Ndiye kuti sinawonongeke, achimwene," anandiuza monyadira. "Imagwira ntchito yake. Ndi mlonda mnzathu ameneyu."

Ndinafunsa mmisiri kuti chizungu cha m'mawa uliwonse chija chinkati chiyani. Anati chinkanena kuti batire yatsala pang'ono kutha. Miyezi itatu yathunthu, mawu omwewo, ndipo m'chipinda mwathu muli anthu awiri a MSCE.

Kabatire katsopano sikanafike ndi ma riyal khumi omwe. Taxi yobwerera nacho chibokosi ndiyo inadya zambiri. Pokonza wotchi panabuka kamkangano, chifukwa Madala amafuna nthawi ya ku Malawi, imene imatsalira ndi ola limodzi, kuti azidziwa ngati mbuzi zalowa m'khola. Tinawagonjetsa ndi mavoti.

Titafika kuchipinda anatsegula pulogalamu ija, makalata n'kuyamba kugwa ngati matalala. Tikiti inalimo. Pamwamba pake panali kalata ya fizi ya mwana wa mchemwali wawo, ina ya mlamu wofuna malata makumi atatu, ndi ina ya komiti ya chitukuko cha m'mudzi yowakumbutsa lonjezo limene iwo sakulikumbukira.

Madala anawerenga zonse mwakachetechete, navula magalasi.

"Achimwene," anatero, "kabatire kakale kaja munakataya?"