Tsiku Limene Ndinasamutsa Banki M'khonde

Akuluakulu akale, amene mawu awo timawakumbukira titagwa kale m'mbuna, anati safunsa anadya phula; ndipo ine, amene ndakhala mlembi wa banki m'khonde ya kwathu zaka zisanu popanda wondiloza chala, ndabwera lero kudzaulula pamaso panu, owerenga okondedwa, kuti phulalo ndalidya, ndipo ndalidya chokhuta.

Mlandu unayamba pamene amayi apampando, atabwerako kumsonkhano wina kuboma, analamula kuti kaundula wathu wa anthu 30, amene ndinamulemba mwaluso mu Word, asamukire mu Excel, popeza anamva kuti kumeneko ndalama zimadziwonkhetsa zokha. Ine, pokhala munthu amene ndinaphunzira kutaipa pa taipilaita masiku amene Word, wobadwa mu 1983, anali asanamere mano, ndi Excel, mng'ono wake wa mu 1985, asanaone n'komwe dzuwa, ndinadziguguda pachifuwa pamaso pa gulu lonse, ndi kulonjeza kuti ndidzawawolotsa onse tsidya lija monga Mose, popanda ndi mmodzi yemwe wonyowa phazi.

Usiku umenewo ndinasankha maina onse, ndinadina Ctrl ndi C, ndinatsegula Excel, ndinadina Ctrl ndi V, ndipo taonani, m'nyumba ya makolamu 16,384, anthu anga onse pamodzi ndi manambala awo a foni ndi ndalama zawo anathinana m'kolamu yoyamba yokha, ngati apaulendo m'minibasi ya madzulo a Lachisanu. Chifukwa chake, chimene ndinachidziwa mochedwa, chinali chakuti mizere yanga yowongoka ija ndinaiwongola pomenya batani lalitali la m'munsi ngati ng'oma, kufikira mawu atayang'anizana. M'maso munkaoneka thebulo, koma pansi pake panalibe thebulo ayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mdzukulu wanga wa Fomu 3, amene anali kusuzumira pakhomo, anati, "Agogo, ndikuthandizeni?" Ine ndinamuyankha mwaukulu kuti, "Pita ukagone iwe, izi ndi za akuluakulu."

Nditafufuzafufuza ndinapeza lamulo lotchedwa Text to Columns, ndipo ndinaliuza kuti lilekanitse mawu paliponse pali mpata. Linamvera ndi mtima wonse, monga kapolo wokhulupirika: "Mayi" anakhala m'kolamu yake, dzina m'kolamu ina, mfunda mu ina, kotero kuti amene ali ndi maina atatu anakankhira nambala yawo ya foni m'kolamu ya zopereka, ndipo gogo wina wogulitsa zitumbuwa anaoneka kuti wasunga nafe ndalama zokwanira kugula msika wonse. Ziro woyambirira wa nambala iliyonse ya foni anasowa, pakuti kwa Excel ziro wa kutsogolo kwa nambala alibe ntchito. Nambala ina imene ndinaiyamba ndi 265 inasandulika 2.65999E+11, chilankhulo cha pa nsanja ya Babele. Ndipo pamene ndinalemba 3-4, kutanthauza masabata amene munthu sanapereke, panatuluka tsiku la pa kalendala, 3-Apr.

Komabe, pokhala mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinakonza zimene ndinatha, ndipo Loweruka ndinanyamula laputopu yobwereka kupita nayo pansi pa mtengo wa mango pamene timasonkhana. Ndinatsokomola, ndinalamula makinawo kuti awonkhetse chuma chonse cha gulu, ndipo pamaso pa mboni 29 panatuluka 0. Kunagwa bata la pamaliro. Amayi apampando anandiyang'ana kuyambira kumutu kufikira ku nsapato zanga zatsopano, nafunsa mofatsa kuti, "Alembi, nsapatozi mwagula liti?"

Anandipulumutsa ndi mdzukulu yemwe uja, amene ananditsata ndi chaja chimene ndinaiwala. Anagwada mwaulemu, nati, "Agogo, K amene mwaika kutsogolo kwa ndalama iliyonse wachititsa kuti makina aziyese mawu, ndipo mawu sawonkhetsedwa." Anabwerera ku Word, nachotsa mipata yanga yonse ndi kuika Tab mmodzi pakati pa dzina, foni ndi ndalama, ku Excel anayamba wauza kolamu ya mafoni ndi ya masabata kuti zikhale Text asanathiremo kanthu, kuti ziro asathawenso, anachotsa ma K onse, ndipo madzi a tiyi asanawire, anthu 30 anakhala yense m'mzere wake, chuma chonse chitaonekera pansi pake.

Ndikadakonda nkhani ikadathera pomwepo. Koma atayerekeza chiwerengerocho ndi ndalama za m'bokosi, panaperewera K2,000, ndipo makina aja, amene sadziwa kuopa imvi, anaonetsa poyera kuti munthu mmodzi analembedwa kuti wapereka sabata imene sanapereke, ndiye mlembi mwini wake. Ndinalipira pomwepo pamodzi ndi chindapusa, ndipo gulu linagwirizana kuti mdzukulu wanga akhale wothandizira mlembi, udindo umene tanthauzo lake ndikulidziwa bwino.

Chotero, abale anga, mukafuna kusamutsa kaundula wanu, yambani mwamanga thebulo lenileni, funsani mwana amene ali pakhomo, ndipo koposa zonse, yambani mwabweza ngongole zanu.