Mapanga awiri anandivumbwitsa

Polembetsa maphunziro ku yunivesite ndinasankha nyimbo ndi computer science pamodzi, ndipo ndinatuluka mu ofesimo chifuwa chili patsogolo. Ndinkati zonsezi ndi masamu basi: woimba amawerenga ma beat, kompyuta imawerenga manambala, ndiye ndidzavutika kamodzi n'kulandira ulemu kawiri. Ziyeneretso zanga? Ndinkaimba tenala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, komanso ndinkatha kuikira anthu nyimbo m'ma memory card.

Kalasi ya nyimbo ndiyo inayamba kundivula. Kukwaya tinkayendera do re mi, koma kuno anandipatsa pepala la mizere isanu yodzaza timadontho takuda tamichira, ndipo ine posafuna kuoneka mbuli ndinagwedeza mutu mwaukatswiri, ndinakonza pakhosi, n'kuyamba kuimba mokweza pepalalo nditaligwira mozondoka.

Ndinati palibe kanthu, ndikabwezera ku lab. Ndinalemba kapulogalamu ka Python koti kaziimba nyimbo, ndinandandalika manotsi kuyambira do mpaka ti, n'kuyamba kuwaitana ndi manambala monga amachitira woimba aliyense, do kukhala 1. Sindinkadziwa kuti Python imayamba kuwerenga pa 0. Nyimbo yonse inasendera notsi imodzi m'mwamba, ndinaimvetsera ndikudzinamiza kuti mwina ndi jazz, kenako itafika pa ti pulogalamuyo inafa n'kundilembera uthenga wofiira umene ndinauwerenga mokweza ngati ndikuumva. Sabata yomweyo ndinajambula kwaya pa 44,100, muyezo wa ma CD, kutanthauza kuti makina amayeza mawu ka 44,100 pa sekondi, koma poliza ndinaika 22,050. Ukatero liwiro limatsika ndi theka ndipo mawu amagwa ndi octave yathunthu. Atsikana a soprano anadzimva akubangula ndi mawu a madoda, mwapang'onopang'ono, ine ndikuwatsimikizira kuti vuto ndi sipika.

Koma zimene zimandidzutsabe usiku ndi za project yanga yaikulu. Ndinalonjeza kupanga pulogalamu yomvetsera valimba ya ku Chigwa cha Shire n'kuilemba yokha m'manotsi a MIDI, njira imene zida zamagetsi zoimbira zakhala zikulankhulirana kuyambira 1983, momwe notsi iliyonse ili ndi nambala yake ndipo C wapakati pa piyano ndi 60. Ndinagona pa masamu a Fourier, amene amagawa phokoso m'zigawo zake, mpaka pulogalamu inayamba kuona manotsi. Tsoka lake, pafupifupi notsi iliyonse ya agogo amene ndinawajambula inkagwera pakati pa makiyi awiri a piyano. Munthu wanzeru akanaima n'kufunsa. Ine ndinawonjezera mzere wokankhira notsi iliyonse ku kiyi yapafupi, nyimbo inatuluka yopunduka moti mwini wake sakanaizindikira, ndipo mu lipoti ndinalemba ndi dzanja langali kuti valimbayo inali yosachunidwa bwino.

Aphunzitsi anawerenga, anavula magalasi, n'kundifunsa modekha: "Achimwene, piyano imagawa octave m'magawo angati?" Ndinayankha monyadira kuti 12. "Nanga valimba?" Apo m'pamene ndinamva koyamba kuti oimba a kumeneko amaigawa m'magawo 7 otalikirana pafupifupi mofanana, kuti akatswiri monga Gerhard Kubik ndi Andrew Tracey analemba kalekale za kachunidwe kotere, ndiponso kuti mabuku ake anali mu laibulale momwe ndinkapitamo kukasaka Wi-Fi. Ndiye kuti ine, munthu wogwira pepala mozondoka, ndinali nditakonza agogo amene anayamba kuimba bambo anga asanabadwe.

Ndinkayembekeza kuti konsati yotsekera chaka inditsuka. Ndinakonza zoti laputopu izibwereza kachidutswa ka ng'oma ine ndikuimba pamwamba pake, koma ndinaiwala kuiuza nthawi yosiyira, ndipo voliyumu ndinaikweza kupitirira malire mpaka ng'omazo zinasanduka kung'ambika kokhakokha. Ndinamaliza vesi yanga, ndinawerama, anthu anawomba m'manja, ng'oma zikupitirirabe. Ndinadina batani ili, ndinadina ilo, sikirini inauma, thukuta likutsikira m'kolala ya shati yobwereka, wotsogolera mwambo akumwetulira mondimvera chisoni, mpaka ndinagwada pansi pa tebulo n'kuzula chingwe cha laputopu kukhoma mwamphamvu, ndikuyang'ana anthu ngati ngwazi.

Laputopu ili ndi batire. Inapitiriza kuimba.